Mayina Amene Ndinachapa ku Senga Bay

"Ndinakutumiza kusukulu kuti ukasanduke bolodi, iwe? Aliyense wodutsa azingolembapo?"

Amenewo anali bambo anga, agogo awo a makolo anu, ataima pakhonde la nyumba yathu ku Senga Bay, chala chawo chikundibaya pachifuwa. Ine ndinali nditangotsika matola ochokera ku Salima, mphasa yokulunga ili m'khwapa, kapoto ndi mbaula zili m'thumba, mayeso a fomu folo nditawamaliza tsiku lomwelo. Malaya oyera amene ndinavala sanalinso oyera. Kuyambira pakolala mpaka kumunsi, kumaso ndi kumsana komwe, inali inki yokhayokha: mayina a anzanga onse a m'kalasi, aliyense ndi dzanja lake.

"Si bolodi, bambo. Ndi anzanga awa."

"Anzako. Chabwino. Mawa ukawauze abwana kuti wabwera ndi anzako, onse akufuna ntchito."

Tiwasiye kaye ataima pakhondepo, sathawa. Ndiyambe ndakuuzani chimene ndikulembera zimenezi.

Dzana inu awiri, Tadala ndi Limbani, munabwera kuchokera kumsika mukuseka chikhakhali, eti mwaona a fomu folo akuyenda mumsewu malaya atawalembalemba. Iwe Limbani unati, "Agogo, anthu akuluakulu kumangowononga yunifolomu ngati openga." Ine ndinamenya tebulo, kapu ya tiyi n'kugubuduka, inu n'kuthawira kuseri. Agogo anu aakazi anangoti, "Bambo, ngati muli ndi nkhani, ilembeni. Pakamwa panupo pamatuluka utsi wokhawokha, anawa samvapo kanthu." Ananena zoona, koma musakawauze kuti ndavomera. Kusukulu ankanditcha Palafini, ndipo dzinalo silinabwere ndi mphepo. Ndiye werengani. Pepala silikalipa.

Sukulu yathu inali m'tauni ya Salima, yopanda chigono. Ife a kutali tinkachita lendi tizipinda kuseri kwa msika n'kumadziphikira tokha. Ine ndinkakhala ndi Yusufu, mwana wa msodzi wa kwathu konkuno, m'kachipinda koti ukati udziwongole phazi linkatsegula chitseko. Iye ankabweretsa usipa wouma, ine ufa ndi sopo. Malamulo a nyumba yathu anali awiri basi: nkhumba isalowe mumpoto, ndipo iye akamaswali ine ndisaimbe nyimbo za kwaya. Mwezi wa Ramadani ndinkadya ndekha masana nditamufulatira, iye ali chigonere pamphasa n'kumati, "Tafuna pang'onopang'ono, Mkhristu iwe, ndikumva." Koma nthawi ya futali ikakwana, dzanja langa ndi limene linkayamba kulowa m'mbale yake, ndipo sanalibwezepo.

Inu lero mumangodina khoma magetsi n'kuyaka, akakhala kuti alipo. Ife tinkawerengera koloboyi, kachitini ka palafini kokhala ndi chingwe pakamwa. M'mawa ukamina, mamina ali bii ngati wagona m'uvuni wa makala. Masamu ovuta tinalibe kamakina kowerengera, tinali ndi kabuku ka manambala okhaokha, kolembedwa tating'ono ngati nyerere, ndipo chala chikatsetsereka mzere umodzi ndiye kuti wapita nazo. Bolopeni ikauma sitinkataya. Tinkaipekesa m'manja ngati tikufuna moto, kapena kuiyanika padenga kuti inki isungunuke. Iwe Tadala, chaka chino chokha wataya mabolopeni okwana kulembera kalasi yathu yonse, ndipo ukandiuza umati "yasowa," ngati inamera miyendo.

Kutentha kwa Salima mukukudziwa, koma simunakumve muli pansi pa malata opanda siling'i mwezi wa Okutobala. Malata ankachita kulira okha. Thukuta linkagwera pakope mawu n'kufufutika. Zikafika pamenepo aphunzitsi a kalasi yathu, a Kambalame, ankatitulutsa kukakhala pansi pa mtengo wa nimu pakati pa bwalo. Pansi pa mtengo womwewo pankakhala mayi wina wogulitsa zigumu ndi thobwa, ndiye tinkaphunzira za mitsinje ya maiko akutali mphuno zili kubeseni. Zigumu za masiku ano ndi zachibwana, zodzaza shuga. Zija zinali za mgaiwa ndi nthochi zakupsa, zolemera ngati njerwa. Chimodzi chinkakugwira m'mimba mpaka kuweruka.

A Kambalame anali munthu wamfupi, wa mawu aang'ono, wosamenya. Chida chawo chinali kuitana mayina. M'mawa uliwonse ankaima kutsogolo n'kuyamba ndi dzina la bambo, lako pambuyo, iwe n'kuimirira, "Pulezenti, sala." Pofika fomu folo sankayang'ananso m'buku, ankangoyang'ana kudenga, mayina n'kumatuluka okha ngati pemphero. Ankayamba ndi Banda Esinati. Akaitana dzina n'kusayankhidwa, sankapitirira. Ankangokhala chete, kudikira, mpaka kalasi yonse izimva kuyabwa. Wochedwa ankalowa m'kati mwa chete ameneyo, ndipo kunali bwino akanangokukwapula. Ine dzina langa, Phiri Layisoni, linakhalapo m'malere choncho kangapo, chikwakwa chotchetchera udzu n'kundidziwa bwino.

Esinati ameneyu kwawo kunali ku Chipoka, bambo ake ankagwira ntchito padoko. Masiku amenewo sitima ya pamtunda inkanyamula anthu, ndipo a ku Chipoka ankabwera nayo potsegulira sukulu, ife a ku nyanja kuno tikupuma fumbi pamwamba pa matumba a nsomba m'matola. Ankatinyoza kuti tikununkha utaka, ife tinkawanyoza kuti akununkha dizilo. Esinati ankakhala desiki ya kutsogolo kwanga. Masamu ankatiposa tonse, ndipo sankabisa. Akalandira pepala lake ankalikweza pang'ono, ngati akufuna kuwala, kuti ine wa kumbuyo ndione bwino. Limbani, tseka pakamwa, ndikukuona ngakhale ndili papepala. Agogo anu aakazi nkhani imeneyi akuidziwa kuyambira kale, usathamange nayo ngati wapeza chuma.

Tili fomu fili kunabwera mphepo ya matipate. Inu mumaziwerenga m'buku, ife tinazipuma. Tisanafike pamenepo, munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi ya chipani, ndipo nkhani zina tinkanong'onezana ngakhale tili awiri m'chipinda chotseka. Kenaka anati anthu asankhe, nyali kapena tambala wakuda, zipani zambiri kapena chimodzi. Pakamwa pa dziko lonse panatseguka tsiku limodzi, ndipo pamene panatseguka sipanafunenso kutsekeka. Chilichonse chinasanduka ufulu. Wochedwa m'kalasi ankati, "Ndi matipate, sala." Anyamata anayamba kusunga tsitsi. Loweruka lina Esinati anabwera kumpira atavala buluku la mchimwene wake, tauni yonse n'kusiya kuonera mpira.

Kalasi nayo inang'ambika pakati. A nyali mbali ya mawindo, a tambala mbali ya khomo. Ine ndinali wa nyali, wa phokoso kuposa onse. Mtsogoleri wa mbali inayo anali Bonifasi, mwana wa munthu amene ankagulitsa makadi pachipata cha msika. Tsiku lina ndinanena mawu okhudza bambo ake, iye ananena okhudza anga, madesiki anagwa, ndipo pamene anatileretsa, dzino lake la kutsogolo linali pansi. A Kambalame anatiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Kunjaku zipani zichuluke mmene zingachulukire. Muno chipani n'chimodzi, ndipo mtsogoleri wake ndi mayeso." Tinatchetcha bwalo lonse la mpira awiriwiri, iye kuyambira goli iyi, ine goli inayo, osalankhulana. Chisankho chachikulu chinabwera tili fomu folo, boma n'kusintha, koma ine ndi Bonifasi tinali tisanapatsanebe moni.

Tsono pasukulu pathu panali mwambo. A fomu folo akamaliza mayeso, a fomu fili ankawaphikira mpunga ndi mbuzi, kunkakhala zolankhula, kenaka gumbagumba, ndipo wojambula zithunzi ankabwera panjinga yake kudzajambula kalasi yonse pamasitepe a ofesi. Ife chaka chapitacho tinasenda anyezi, tinatunga madzi, tinatsuka miphika ya anzathu, tikudziwa kuti chaka chamawa ndi ife okhala pampando. Koma chaka chathucho ahedi anachita mantha. M'masukulu ena ana anali akuswa mawindo m'dzina la ufulu womwewo, ndiye anangolengeza pa asembule kuti chaka chino kulibe phwando, aliyense akamaliza pepala lomaliza anyamule zake azipita. Phwando kulibe, wojambulanso anabwereranji. N'chifukwa chake mukafufuza m'sutikesi yanga simupezamo chithunzi cha kalasi yathu. Palibe amene ali nacho. Sichinajambulidwe.

Pepala lomaliza tinalemba m'mawa, mwera ukuomba, zala zili gwa ndi chisanu. Titatuluka, palibe anapita. Tinangopezeka taunjikana pansi pa nimu uja, a mawindo uku, a khomo uko, osadziwa kuti anthu amasiyana bwanji. Zaka zonse zija tinaphunzira za mitsinje ndi mafupa a chule, koma kutsanzikana palibe anatiphunzitsa.

A Kambalame anatuluka mu ofesi opanda buku m'manja. Anaima pamuzu wa mtengo kuti atalikeko, n'kuyang'ana m'masamba.

"Banda Esinati."

"Pulezenti, sala."

Anatiitana tonse, mmodzimmodzi, ndipo tsiku limenelo panalibe dzina limene linakhala m'malere. Atamaliza anati, "Mawa ndikaitana mayina ena. Pitani bwino." Kutsanzika kwawo konse kunali komweko.

Ndiye ndinamva munthu kumbuyo kwanga. "Palafini, usatembenuke." Anali Bonifasi, ndinamudziwa ndi kamluzu ka pagwelu lija. Ndinamva nsonga ya bolopeni ikuyenda pamsana panga. Chibakera ndinali nditakunga kale.

"Yusufu, walemba chiyani galu ameneyu?"

Yusufu anawerama n'kuwerenga mokweza, ngati akuwerenga nkhani za pawailesi: "Bonifasi, amene unamugulula dzino. Usandiiwale."

"Angakuiwale bwanji," anatero Esinati, "poti ukamaseka mphepo imachita kutuluka?"

Kalasi yonse inaphulika, a mawindo ndi a khomo omwe. Bonifasi anandipatsa bolopeniyo n'kundifulatira, ine n'kulemba pamsana pake. Basi, moto unagwira udzu. Aliyense anasolola cholembera chimene analembera mayeso, tinkagwirana mapewa, kutembenuzana ngati nsomba pathandala. Zaka ziwiri m'mbuyomo, kulemba pa yunifolomu kukanakuchotsetsa sukulu, mwinanso kuitanitsa makolo ako kumalo oopsa. Tsiku limenelo ahedi anasuzumira pawindo n'kubweza katani. Ngati matipate anandipatsapo kanthu ine ndekha, kogwirika, ndi masana amenewo.

Yusufu analemba paphewa lamanzere, zilembo zikuluzikulu zopendama ngati bwato pamafunde. Ena analemba pamikono, ena m'nthiti mochita kundigirigisha. Ndinapita kwa a Kambalame n'kuwalozera thumba la pachifuwa. Anatulutsa bolopeni yawo yofiira, imene inandizunza zaka zonse zija ndi mitanda, n'kungochongapo chonga chimodzi chachikulu, osalemba dzina. "Usazolowere," anatero.

Esinati anabwera pomaliza. Anandizungulira, akuyang'ana malaya ngati akusankha nsalu pamsika.

"Padzaza ponse. Ukufuna ndilembe pamphumi?"

"Lemba pamene wafuna."

Anandigwira kolala kumbuyo kwa khosi, n'kuipindula, n'kulemba kunsi kwake. Zala zake zinali zozizira. Atamaliza anaibwezera n'kuisisita kamodzi. "Pamenepo dzuwa silifikapo," anatero, n'kunyamula katundu wake kuthamangira kusiteshoni.

Tsopano tibwerere kwa bambo anga, aima nthawi yaitali pakhonde paja.

Bambo anali dobi, wochapa zovala pa hotelo ina ya m'mbali mwa nyanja muno. Moyo wawo wonse unali kulimbana ndi mathotho pansalu zoyera: vinyo pansalu ya patebulo, mafuta pamapilo, dothi pamatawulo. Munthu ameneyo dontho la tiyi pamalaya a mlendo wodutsa pamsewu linkamuwawa ngati chilonda chake. Malaya angawa anandisokera kwa telala wa pakhonde la sitolo nditalowa fomu fili, ndipo ndikabwera kumudzi Lachisanu sankalola amayi kuwakhudza. Ankawachapa okha, kuwaviika m'madzi a chinangwa kuti aume gwa, n'kuwasita ndi simbi ya makala mpaka kolala kumacheka khosi. Sanandiuzepo kuti amandinyadira. Ankangondipatsa malaya opinda bwino Lamlungu, ine n'kumva.

Koma mankhwala oyeretsera nsalu anali atawadya manja. Zala zinang'ambikang'ambika, zina zosapindikanso, ndipo a kuhotelo anawauza kuti mwezi umenewo ukatha apume. Pambuyo panga panali ang'ono anga ndi alongo anga, onse a pasukulu, ndipo pakhomo pathu panalibe bwato kapena munda woti n'kuutchula. Bambo anapita kukagwada kwa abwana a hoteloyo, ndipo abwanawo anati mwana wanu wa fomu foloyo, poti Chingerezi akuchidziwa, abwere tidzamuone ngati angathe kuperekera zakudya kwa alendo. Abwere tsiku lotsatira mayeso, dzuwa lili pamutu, atavala buluku lakuda ndi malaya oyera. Ofuna malo amenewo anali ambiri, ena ana a anthu odziwika.

Zonsezi bambo anali atandiuza sabata yapitayo. Musandinamizire kuti ndinaiwala. Pansi pa nimu paja ndinkadziwa bwinobwino kuti malaya oyera ndili nawo amodzi. Kungoti bolopeni ya Bonifasi itakhudza msana wanga, mawa linaoneka kutali ngati tsidya la nyanja.

"Bwerekani kwa wina," ndinatero pakhondepo.

"Kwa yani? Kwa Yusufu? Nayenso wabwera ngati nyuzipepala, ndamuona akutsika."

Amayi anali atazungulira kale mudzi wonse ndi maso a mumtima. A katekisiti anali nawo oyera, koma anali munthu wa mimba yoti ine ndikanalowamo ndi mng'ono wanga. Amalume anali nawo, koma anali ku Maganga kumaliro, malayawo ali pathupi. Malaya a bambo anali a khaki, a ntchito. Asodzi oyandikana nafe malaya oyera akanatani nawo? Zoti bambo atenge a mlendo kochapira kwa tsiku limodzi, zimenezo ngakhale kuzilota sakanalola.

"Tenga pepala ukopere mayinawo, mwanangu," anatero amayi, "kenaka tichape."

"Mayina ndikuwadziwa, amayi. Ndingawatchule nditagona. Awa ndi manja awo."

"Manja," anatero bambo. "Manja adzakudyetsa?"

Apo palafini anagwira moto. Ndinakuwa mpaka nkhuku kubalalika. Ndinati sindinakhale zaka zonsezi pa koloboyi kuti ndizikanyamula mbale za anthu odzaotha dzuwa, ndinati dziko lasintha, munthu ali ndi ufulu, ndinati hoteloyo ipse. Anthu opita kumjigo anaima ndi zidebe pamutu. Bambo anandisiya mpaka mpweya unandithera. Kenaka analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabotolo ka mankhwala oyeretsera aja ndi chidutswa cha sopo, n'kuziika pasitepe. Botololo analigwira ndi manja awiri, chifukwa dzanja limodzi silinkathanso kufumbata.

"Ine sindiwakhudza," anatero, mawu ali pansi. "Malaya ndi ako. Anzako ndi ako. Ang'ono akonso ndi ako. Uone wekha."

Botolo linagona pasitepe pomwepo.

Ndisanakuuzeni za m'mawa mwake, mundilole ndidumphe, poti nkhalamba imaloledwa. Sindinadziwe kuti pansi pa nimu paja ambiri ndikuwaona komaliza. Tinkati tidzakumana podzaona zotsatira, koma aliyense anabwera tsiku lake. Chaka chomwecho sukulu za pulayimale zinakhala zaulere, ana anasefukira, ndipo anzanga ambiri anatengedwa kukaphunzitsa m'midzi yakutali asanaphunzire n'komwe uphunzitsi. Bonifasi anali mmodzi wa iwo. Anandipeza kamodzi kuhotelo, tinaseka mpaka abwana kutuluka, gwelu lili pomwepo. Kenaka kunabwera matenda aja amene anapulula msinkhu wathu ngati chimanga cholowa anankafumbwe, ndipo uthenga wake unandipeza atamuika kale. Yusufu anapita ku Joni kukafuna ntchito. Poyamba ankatumiza moni kudzera mwa obwera, kenaka moni unaleka, ndipo mayi ake anamwalira akuyang'anabe kumsewu. Esinati ndinamva kuti anachita za unamwino n'kukwatiwa kumpoto. Ku Chipoka ndapitako kambirimbiri pa zifukwa zina, ndipo maso anga amafunafuna okha, opanda chilolezo changa. A Kambalame tinawaika ife, ochepa amene tinamva msanga.

Mtengo wa nimu uja anaudula, pali chipinda cha makompyuta. Kachipinda kathu ka kuseri kwa msika pano akugulitsiramo mayunitsi a foni. Ndikadutsapo ndimafuna kuwauza kuti apa pankagona anthu awiri ndi njala yawo, koma angandiyese woledzera.

Chimene chinatsala ndi ichi. Phewa lamanzere likamandiwawa nyengo ya mwera, agogo anu amati ndi nyamakazi, ine ndimati ndi Yusufu. Pakati pa msana pakayabwa, pamene dzanja silifika, ameneyo ndi Bonifasi. Mpaka lero ndikhoza kukulozerani pathupi panga pamene aliyense analemba. Ndiye iwe Limbani ukamati openga, ukunena anthu amene ndimayenda nawo.

Kutacha ndinadzuka anthu asanatsegule zitseko. Ndinatenga beseni la amayi, sopo, ndi botolo lija pasitepe, malaya ndili nawo m'manja, n'kutsikira kunyanja. Mwera unali utakalipa, mabwato onse ali pamtunda, asodzi atakhala m'magulu akusoka maukonde atafunda zitenje za akazi awo. Ndinapita patali pang'ono, kuseri kwa miyala. Ndinatunga madzi m'beseni, n'kuthiramo mankhwala monga ndinkawaonera bambo, fungo lake n'kundilasa m'maso.

Ndinayala malaya pamwala. Sindikudziwa chimene chinandigwira, koma ndinaimirira, n'kuyang'ana kumwamba monga a Kambalame, n'kuyamba kuitana. Ndinkaitana dzina, n'kulipeza ndi chala pamalaya, n'kudikira. Mafunde okha. Ndiye ndinkayankha ndekha, "Pulezenti, sala," n'kupita pa lotsatira. Msodzi wina wachikulire anabwera kudzasuzumira pamwamba pa mwala.

"Mwana wa a Phiri, mayeso akuzunguza mutu?"

"Pitani mukasoke ukonde wanu, akulu."

Anapita. Ine ndinamaliza kalasi yonse, osadumpha ndi mmodzi yemwe, ndi a tambala omwe.

Kenaka ndinakwinya kolala yonse m'chibakera chamanzere, chomwe chija chinagulula dzino, n'kumiza malaya otsalawo m'beseni. Madzi anayamba kuchita buluu. Yusufu ndiye anayamba kusungunuka, zilembo zake zikuluzikulu zija zikufalikira ngati utsi. Bonifasi analimbalimba, monga mwa khalidwe lake, mpaka ndinachita kumupaka sopo ndi kumutikita ndi chala. Chonga cha a Kambalame chinasanduka chotuwa, kenaka ngati kachipsera, kenaka thumba linangokhala thumba. Ndinataya madzi kumchenga, kutunga ena, kuthiranso mankhwala, kutikitanso. Manja anayamba kuwotcha, khungu la m'zala kuchita makwinya oyera, ndipo ndinaganiza za munthu amene wakhala akupisa manja m'madzi amenewa chibadwire ine. Dzanja lamanzere linachita dzanzi, koma sindinalifumbatule. Kunja kwa kolala ndinakupukuta padera ndi kansalu, mosamala ngati ndikutsuka chilonda.

Ndinawayanika pachitsamba, kutali ndi mathandala a nsomba kuti asatenge fungo. Mwera unachita ntchito yake msanga.

Nditafika kunyumba ndinapeza bambo atakhala pakhonde, simbi ili kale ndi makala, akuikupiza. Sitinapatsane moni. Ndinawapatsa malaya. Anawakweza padzuwa, kuwatembenuza, kuyang'ana m'khwapa ndi m'misoko, monga ankachitira ndi nsalu za alendo.

"Pamsana apa ukanatikitabe," anatero. "Koma apita."

Anawayala pabulangete n'kuyamba kusita, simbi ataigwira ndi manja awiri. Mikono, msana, chifuwa. Kenaka anapindula kolala kuti asite kunsi kwake, simbi n'kuima m'malere. Anawerenga, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, poti sukulu yawo inali yochepa. Ine ndinali nditakonzeka kale kuyaka.

"Banda wa kuti ameneyu?"

"Wa ku Chipoka."

Anaibwezera kolala ija, n'kuidinda ndi simbi pamwamba, mwamphamvu, mpaka inagona fwaa ngati sinapindulidwepo.

"Ukamapereka mbale uziwerama ndi msana," anatero, "osati ndi khosi."

Ndinavala malaya akadali otentha, ndinamanga mabatani mpaka la pakhosi, n'kuuyamba wa kuhotelo, kalasi yonse nditaisiya mumchenga kuseri kwa miyala, mmodzi yekha ali pakhosi panga.